Migolo Iwiri ya kwa Mayi Sugden

Leeds, 6 Malichi 1983

Wokondedwa wanga Hazel,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi kamwana kathu Naomi, pamodzi ndi apongozi anga. Ine kuno ndilipo, kungoti chimfine sichikundichoka chifukwa cha kachipinda kamene ndikugonamo. Khoma lake limatuluka thukuta ngati munthu.

Ndaikamo mapaundi makumi awiri. Ugule malasha, ndipo Naomi umugulire nsapato zokulirapo pang'ono. Mabuku anga aja usawaike kushedi monga akunenera amayi ako. Mbewa sizidziwa kuti digiri ya kemisitiri inandidyera zaka zitatu.

Wafunsa za ntchito. Ndikadali pa bala ya Mayi Sugden, mwezi wachisanu uno, kupopa mowa ndi kutsuka matambula. Kumafakitale ndalembako makalata khumi ndi anayi. Ayankha atatu, onse kukana. Koma tamvera izi. Chimwalirireni amuna awo pa Khirisimasi, Mayi Sugden alibe munthu wosamala migolo ya mowa m'chipinda cha pansi, ndipo maondo awo anakana kale masitepe aja. Panopa ndimatsika ndine, iwo ali pamwamba kukuwa malangizo. Akuti chaka chisanathe asankha munthu womupatsa makiyi a kunsiko, ndipo wotenga makiyiwo amatenganso zipinda ziwiri za pamwamba pa bala, zaulere, za mbaula ndi bafa lake. Ndalowamo, Hazel. Zenera lake linayang'ana kumsika. Ndinaima pamenepo n'kuona kale pamene tidzaike bedi la Naomi.

Angatenge ndani winanso? Wophunzira pano ndine ndekha. Ndipo ndikangowagwira makiyiwo, malo ano asintha. Chilichonse pano n'cha makedzana: matailosi obiriwira, kauntala ya mbawa, akalilole ojambulidwa maluwa, timakoma tamatabwa togawa anthu ngati nkhosa pamsika. Mowa wake ndi uja wamoyo, wobwera m'migolo usanamalize kupsa, wofunika kuugoneka masiku atatu kuti nsenga zikhale pansi, kenako n'kumaukoka ndi timijigo ta pakauntala mpaka mkono kuwawa. Anzathu onse a mabala ena anaika kale mowa wa gasi, wozizira, wongotsegula mpopi basi. Ife tili kalikiliki kulera migolo ngati makanda.

Za mlongo wako Clifford ndamva. Ngati pafamu paja amuchotsadi, abwere, pano pakufunika wonyamula makireti. Umuuziretu kuti kuno si kwathu ku Frizington, asamakapereke moni kwa aliyense wokumana naye mumsewu.

Ndine mwamuna wako,
Neville

Leeds, 17 Epulo 1983

Wokondedwa Hazel,

Ndakondwa kumva kuti dzino la Naomi latuluka ndipo kutentha thupi kuja kwasiya. Ine chimfine chinatha. Clifford naye ali bwino, akudya ngati anthu atatu.

Anafika ndi keke yako ija yathunthu, ngakhale anaikhalira m'sitima. Akugona pansi m'chipinda changa, mkonono wake mpaka mayi mwini nyumba wawonjezera paundi imodzi pa sabata. Choncho ulendo uno ndatumiza khumi ndi asanu ndi atatu.

Pantchito ndi wochedwa moti ndimachita manyazi. Lachiwiri lapitali anthu anachuluka, Mayi Sugden n'kumuuza kuti andithandize pamjigo. Amakoka painti imodzi, tambula imodzi yokha ya mowa, ngati akukama ng'ombe yodwala. Ine ndimakhala ndathira zitatu iye akadali pa yoyamba, akuyembekeza thovu likhazikike, akufunsa munthu za mwendo wa galu wake.

Pali mkulu wina pano, a Ackroyd, amene anagwira ntchito pafakitale ya ubweya zaka makumi anayi. Amakhala pampando womwewo pafupi ndi moto tsiku ndi tsiku, ndipo sayamba kumwa asananyamule tambula n'kuiyang'anitsa kuzenera ngati akuyeza dzira. Ine amanditchula kuti a Pulofesa. Atalandira ya Clifford anaiyang'ana, anamwa theka, kenako n'kundiitana pamaso pa anthu onse.

“Taonani, a Pulofesa. Thovu la mnyamatayu likutsatira mowa mpaka pansi ngati galu wokhulupirika. Lanu lija limathawa munthu asanakhale n'komwe. Kodi kusukulu kuja za thovu simunafike?”

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Ukudziwa kuti womwa akakondwera amagulira wothirayo mowa pomuuza kuti, “Utengeko yako.” Ine miyezi isanu ndi umodzi andiuzapo kawiri, kamodzi anali munthu woledzera amene ankandiyesa mphwake. Clifford Loweruka limodzi lokha amuuza kanayi. Sindikudandaula ayi. Anthu okalamba amakonda munthu wowamvetsera nthano zawo za nkhondo, ndipo ine ndilibe nthawi imeneyo. Makiyi sapereka chifukwa cha nthano.

Denga la kukhitchini likamadonthabe, uuze amalume ako aliwone mvula isanakule. Usakwereko wekha.

Wako,
Neville

Leeds, 12 Juni 1983

Hazel,

Moni kwa nonse. Ndili bwino. Mlongo wako ali bwino kwambiri, koma zimenezo ukuzidziwa kale, poti mumalemberana. Kalata yako kwa iye inafika pamodzi ndi yanga. Sindinaiwerenge, ndinangoona poitsegula kuti ndi mapepala anayi. Yanga anali awiri. Kaya nkhani za ku Frizington zimachuluka zikamapita kwa iye.

Ndinalemba dongosolo langa lonse la mmene tingasinthire bala ino, masamba asanu ndi limodzi: kugwetsa timakoma tija, kuika mowa wa gasi, makina a nyimbo, ndi chakudya cha masana cha anthu a m'maofesi. Mayi Sugden anavala magalasi, anawerenga mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndili ndi dzanja labwino. M'mawa mwake ndinapeza atawapinda kanayi n'kuchirikizira tebulo lina lotsimphina. A Ackroyd anali atamva kale zonse. Akuti, “Mukagwetsa khoma ili, a Pulofesa, ine ndizitsamira chiyani? Digiri yanu?”

Chabwino. Ngati akufuna mowa wa makolo, ndiwaonetsa kuti nawonso ndi kemisitiri basi. Ndagula choyezera kutentha, mapaundi atatu, ndiye uwachotsere pa zimene umayembekeza. Mgolo uliwonse tsopano uli ndi kakhadi kake: tsiku lofika, tsiku loboola, kuzizira kwake m'mawa ndi masana.

Sabata yatha ndinalakwitsa pang'ono. Ndinagunda mgolo wina ndi kireti, pang'ono chabe, koma mgolo wogona kale saukhudza. Nsenga zonse zinadzuka, mowa unatuluka wovunduka ngati madzi a m'chithaphwi, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anabweza matambula. Pano palibe manyazi oposa amenewo. Mayi Sugden sanakalipe. Anangoti kuyambira pano Clifford azitsika nane.

Ukanamuona Clifford kunsiko! Amagwada, n'kuika khutu pamgolo, n'kumati, “Uwu sunagone, alamu, ukadalankhula.” Mgolo kulankhula. Munthu amene anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Chondipweteka n'chakuti choyezera changa chimadzanena zomwezo mawa lake.

Pali zina zimene ndikanalemba, koma zikhale.

Neville

Leeds, 4 Seputembala 1983

Wokondedwa Hazel,

Pepa kuti ndakhala nthawi osalemba, ndalama zokha ndizo ndimatumiza. Sindikudwala. Umpsompsone Naomi, ndipo chithunzi changa chija uzimuonetsa, angandiiwale. Clifford akuti pamene anabwera kumeneko pa tchuthi cha Ogasiti mwanayo anamuthamangira. Ine tchuthicho ndinatsala kulondera migolo.

Juzi yakuda ija ndalandira, ikundikwana bwino, ndipo kunsi kuja kumazizira ndiye ndiziivala. Ndaona kuti ya Clifford ili ndi mizere yoluka pachifuwa. Yanga ilibe. Mwina ulusi unatha.

Tsopano nkhani yeniyeni. Loweruka pa 8 Okutobala bala ino ikwanitsa zaka zana limodzi, ndipo Mayi Sugden akuti tsiku lomwelo apereka makiyi. Anatiitana tonse awiri kukhitchini. Ine ndimayesa akufuna Clifford akhale mboni chabe. Iwo akuti aitanitsa migolo iwiri ya mowa umodzimodzi, ya mapainti 72 uliwonse, yobwera pa lole imodzi. Aliyense alere wake, aliyense akhale ndi mjigo wake pakauntala.

“Ine sindiweruza, lilime langa linatha ndi fodya,” anatero. “Aweruze akumwa. Mgolo umene uyambe kuuma, mwini wake atenga makiyi ndi zipinda zomwe.”

Clifford anati iye sakufuna kupikisana ndi mlamu wake. Mayiwo anamuyankha kuti sanamufunse zimene akufuna.

Hazel, taganiza. Munthu ndinamuitana ndine, ndinamugoneka pansi m'chipinda changa, ndinamuonetsa pokwerera basi. Lero akuima pakati pa ine ndi denga la mkazi wanga ndi mwana wanga. Iye zipinda ziwiri achita nazo chiyani? Agonekamo nsapato? Sindikuti wachita dala. Sachita kanthu dala, vuto lake ndi lomwelo. Zinthu zimangomugwera m'manja ngati mvula.

Ukamamulembera usatchule zimenezi. Ndipo uyambe kusonkhanitsa makatoni kusitolo ya a Bewley. Ndipambana ndine.

Mwamuna wako,
Neville

Leeds, Lachisanu, 7 Okutobala 1983

Hazel wanga,

Ndili bwino, ndikulemba mothamanga pa nthawi yopuma masana kuti ipite ndi positi ya lero.

Migolo inafika Lachiwiri, tinaigoneka pathandala moyandikana. Wanga ndinaumata kakhadi. Clifford anangotola choko n'kujambula chimtanda chachikulu kumaso kwa wake, akuti angausokoneze. Ine ndinaboola wanga Lachitatu monga linenera buku. Iye anadikira mpaka Lachinayi madzulo, akuti unali usanapume ulendo.

M'mawa uno tinalawa yonse iwiri. Wanga wadikha bwino, woyera moti ukhoza kuwerenga nyuzipepala kudzera m'tambula. Palibe angaunyoze. Kenako anandipatsa wake, akumwetulira ngati mwana woonetsa chidole. Hazel, sindikudziwa ndikuuze bwanji. Unayamba ngati buledi wongophula kumene, kenako kakutsekemera kakutali, ndipo kuwawa kwake kunabwera mochedwa, mwaulemu, n'kukhala pakhosi. Fakitale imodzi, lole imodzi, thandala limodzi. Ndinayang'ana kakhadi kanga, manambala onse ali m'malo mwake.

Anandifunsa kuti ndauona bwanji. Ndinati uli bwinobwino. Iye n'kunditsina paphewa, amvekere wanga ndiye wamukomera kwambiri. Ndipo ankanena zoona za mumtima mwake, n'chimene chinandinyansa.

Zaka zitatu ku yunivesite, chaka chathunthu kutali ndi iwe, mwana wanga akuphunzira kulankhula ine kulibe. Zonsezi zigonje kwa munthu womvetsera migolo ndi khutu?

Mawa m'mawa Mayi Sugden amutuma kumsika kukatenga nyama ya alendo. Ine nditsikira kunsi ndekha kukaona ngati zonse zili m'malo.

Makatoni aja wapeza angati?

Neville

Leeds, 16 Okutobala 1983

Hazel,

Ndili moyo. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Mwambo unachitika, anthu anabwera ambiri. Makiyi atenga Clifford.

Makatoni aja uwabweze kapena usonkhere moto. Ndaikamo mapaundi makumi awiri ndi asanu, ugulire Naomi chikhoti cha nyengo yozizira. Mwina ndisintha ntchito, ndamva kuti ku Hull kuli fakitale ya utoto. Usandifunse zambiri, ndipo usamufunse iye.

N.

Leeds, 30 Okutobala 1983

Wokondedwa wanga Hazel,

Kalata yako ndalandira, ya mapepala asanu. Ndinayamba ndawerenga kuti ndi angati, chizolowezi sichitha msanga. Ndathokoza kuti nonse muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Ukuti Clifford wakulembera kuti ubwere ndi mwana Lachisanu likudzali, zipinda zakonzedwa, ndipo zotsalazo akuti ukuuze ndine. Ukufunsa kuti zotsala zake ziti. Ndikuuza, kenako uganize wekha ngati ukwere sitimayo.

Loweruka lija ndinatsikadi kunsi ndekha, nditavala juzi yako. Ndinachotsa kamtengo kochirikiza mgolo wa mlongo wako, ndinaika phewa kumaso kwake, n'kuukankha kawiri. Kawiri kokha. Ndinamva mowa ukugubuduka m'kati. Ndinabwezera kamtengo kaja, ndinakwera, ndinapukuta kauntala mpaka kuwala.

Titatsegula, a Ackroyd analowa oyamba atavala suti ya maliro ndi mendulo zawo. Anaitanitsa wa Clifford. Ananyamula tambula kuzenera monga mwa masiku onse, ndipo ngakhale kuwala sikunadutse. Phala lenileni. Clifford anathamangira kunsi, anakhalako kanthawi, n'kubwera nkhope itagwa. Anauza anthu kuti ayenera kuti anaugunda yekha dzulo lake osazindikira, apepese, amwe wa mlamu wake ndi wabwino.

Ine ndinatembenuka kuti nditenge matambula pashelefu, msana kwa anthu. Nditacheuka ndinapeza a Ackroyd akundiyang'ana, osati kumaso koma paphewa. Kenako anamwa phala lija lonse osapumira, anaika tambula pakauntala, n'kuuza Clifford kuti athire ina.

“Koma ndi wovunduka, a Ackroyd,” anatero Clifford.

“Ndauona, mwana wanga. Maso ndili nawo, ndipo lero aona zambiri. Thira.”

Ananong'oneza amene anali pafupi nawo, ameneyo n'kunong'oneza wina. Hazel, anthu amene amabweza painti chifukwa cha kachitsotso kamodzi anafola pamjigo wa Clifford ngati akulandira mgonero. Madalaivala a basi, amayi a kumsika, ngakhale nkhalamba ina imene dokotala anailetsa mowa. Amamwa akukwinya nkhope, n'kuitanitsa wina. Kwa ine amabwera alendo okha osadziwa kanthu. Ndinathira mapainti asanu ndi anayi tsiku lonse. Nthawi isanakwane n'komwe yotseka masana, mjigo wa Clifford unakoka mpweya, anthu n'kuwomba m'manja.

Ine ndimayesa angomukondera basi, ndipo mtima umawira. Anthu atatuluka ndinapita kukapukuta kalilole wamkulu wa kuseri kwa kauntala, uja ndinkafuna kumugulitsa. M'menemo ndi mmene ndinauona. Mtanda wa choko, woyera mbee, paphewa la juzi yakuda. Ndinali nditauvala maola anayi pamaso pa anthu onse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza.

Lolemba bala inali pululu, theka la anthu athu linali kuthamangira kuchimbudzi. A Ackroyd anabwera Lachiwiri atawonda, n'kundiuza kuti, “A Pulofesa, mimba yanga ikuti ikupatseni moni.” Mgolo wanga unakhala mpaka unasasa. Mayi Sugden anati ndikautaye ndekha m'ngalande, iwo ataima pamwamba pa masitepe. Anati akanandithamangitsa Loweruka lomwelo, koma mwini makiyi wakana, akuti akufuna munthu wodziwa kuwerenga choyezera chija.

Sabata yatha Clifford anandipeza ndikutsuka mapaipi. Anachotsa kiyi mmodzi pa mpukutu wake n'kumuika pamgolo. Akuti zipinda zija zamukulira, usiku amasowa tulo chifukwa kulibe womudandaula mkonono, ndiye tisinthane: iye abwerere m'kachipinda kothukuta kaja. Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene ndinachita. Anati anadziwa atangotsika kunsi, chifukwa mtanda wake unali utafufutika.

“Nanga bwanji unanena kuti unaugunda wekha?”

“Mumafuna ndikanene chiyani, alamu? Kuti bambo a Naomi ndi amene achita?”

Ndikanakonda akanandimenya. Ndikanadziwa pobwezera.

Ndikanakondanso kukulembera kuti nsanje yatha, kuti ndasanduka munthu wina. Sinathe. Ndikamuona akutsika masitepe makiyi akulira m'chiuno, nsanjeyo imadzukanso. Wandiposa pa mowa, wandiposa pa anthu, ndipo tsopano wandiposa ndi pa kukhululuka pomwe. Dzulo ndinatsala ndekha kunsi, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kugwada kuika khutu pamgolo. Sindinamve kanthu. Clifford akuti zimatenga nthawi. Timakoma tija ndikuonabe kuti tikanagwetsedwa, koma pakali pano palibe akundifunsa.

Ku Hull sindinalembeko. Zipinda ndasesa, ndapaka laimu, bedi la Naomi lili pansi pa zenera lija. Juzi sindinachape. Ndaipachika kuseri kwa chitseko kuti udzaione wekha, udzachape ndiwe kapena udzaisiye choncho.

Ngati ubwere, ukwere ya m'mawa ku Whitehaven, usinthe ku Carlisle. Utenge mabulangete awiri, ketulo, ndi mabuku anga ngati mbewa zasiyako. Pasiteshoni tidzakhalapo awiri, poti Clifford wapempha kale tchuthi cha masana ndipo ine sindingamuletse, ndi bwana wanga. Ndilibe ufulu wopempha kanthu, ndikudziwa. Komabe ndikupempha chimodzi chokha. Ukadzatsika sitima, Naomi ali m'manja, udzayambe wandipatsa moni ine.

Ndine mwamuna wako, ngati ukundifunabe,
Neville